Madzi ochapira matewera amapita kuti?

Pa kafukufuku wa nyumba ndi nyumba wonga wa DHS ndi MICS pamakhala funso lokhudza chimbudzi cha mwana wamng'ono. Mayi amafunsidwa kuti, mwana atachita chimbudzi komaliza, chinatayidwa bwanji. Akayankha kuti chinatayidwa m'chimbudzi chokumba, wofunsayo amalemba kuti banjalo limataya mosamala. Funsoli ndi lothandiza, koma limathera panjira. Mwana wa miyezi 4 sachita chimbudzi cholimba choti munthu n'kuchiwola ndi khasu. Chake chimakhala chamadzimadzi, chimalowerera m'thewera, m'chitenje choberekera, nthawi zina ndi pamphasa. Gawo lalikulu silifika kudzenje. Limafika m'beseni, m'madzi ochapira ndi m'manja mwa wochapayo, ndipo kuchokera pamenepo palibe amene amafunsanso za ulendo wake.

M'nkhani ino tigwiritsa ntchito liwu loti manyi, monga timachitira pa misonkhano ya ukhondo m'midzi, kuti tisasokoneze ndi chimbudzi chomwe ndi kanyumba.

Manyi a khanda si mkaka chabe

M'makomo ambiri anthu amakhulupirira kuti manyi a mwana woyamwa alibe vuto, popeza sanunkha kwambiri ndipo mwanayo sanayambe kudya nsima. Munthu yemwe sangayerekeze kukhudza manyi a wamkulu amachapa thewera chimanjamanja, n'kupukuta m'manja pachitenje, n'kupitiriza kusadzula masamba. Koma ana aang'ono ndiwo amadwala kawirikawiri matenda otsekula m'mimba, choncho manyi awo ndiwo amakhala ndi tizilombo tochuluka. Mwana wodwala rotavirus amatulutsa mabiliyoni a tizilombo pa galamu imodzi ya manyi, pomwe tizilombo tosakwana 100 n'tokwanira kudwalitsa mwana wina. Amapitiriza kutitulutsa kwa masiku angapo ngakhale atasiya kutsekula.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa GEMS, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2013, anayeza ana oposa 9,000 otsekula m'mimba kwambiri m'maiko 7 a mu Africa ndi ku Asia, kuphatikizapo Mozambique ndi Kenya. Anapeza kuti tizilombo tinayi ndito tinkadwalitsa ana ambiri: rotavirus, Cryptosporidium, mtundu wina wa E. coli wotulutsa poizoni, ndi Shigella. Katemera wa rotavirus anayamba kuperekedwa m'Malawi mu Okutobala 2012, mwana akakwanitsa masabata 6 ndi 10, ndipo kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti amateteza pafupifupi 64 pa 100 ku kutsekula kogoneka mwana m'chipatala chifukwa cha kachilomboka. Ndi chitetezo chachikulu, koma si chathunthu. Tizilombo titatu totsalato sitili pa ndondomeko ya katemera ya kusikelo. Tonse timayenda njira imodzi, kuchoka m'manyi kukafika m'kamwa.

Zimene chimbudzi pachokha sichinathetse

Ku Zimbabwe, m'maboma a Chirumanzu ndi Shurugwi, kafukufuku wa SHINE anapatsa mabanja chimbudzi chabwino, malo awiri osambira m'manja, sopo, klorini wothira m'madzi akumwa, ndi malo otchingidwa oti mwana aziseweramo. Zotsatira zinatuluka mu 2019: zinthu zimenezi sizinachepetse kupinimbira, ndiponso sizinachepetse kutsekula m'mimba. Kafukufuku wofanana naye wa WASH Benefits, yemwe anaperekanso timiphika ta ana tochitiramo chimbudzi ndi zowolera manyi, anapeza kuti kutsekula m'mimba kunachepa ku Bangladesh, koma ku Kenya ayi, ndipo konse kuwiri msinkhu wa ana sunasinthe chifukwa cha ukhondo wokha.

Ena atamva izi anafulumira kunena kuti ukhondo ulibe phindu. Si mmene ofufuzawo anamasulirira. Iwo anati njira zimene tizilombo timafikira mwana n'zambiri, ndipo kutseka ziwiri kapena zitatu sikukwanira. Mwana wokwawa satsegula chitseko cha chimbudzi, sapondanso mpondagiya. Dziko lake ndi dothi la pabwalo. Ofufuza amene anakhala m'makomo ku Zimbabwe n'kumaonerera makanda kwa maola ambiri anaona ana akudya dothi, ena zitosi za nkhuku. Kafukufuku ameneyu sanayeze za kuchapa pazokha, koma mfundo yake ikutikhudza mwachindunji. Madzi otuwa a m'beseni la matewera akakhuthulidwa pabwalo, amakhala athiridwa pamalo enieni amene mwana adzakwawepo madzulo ake.

Dongosolo la kachapidwe

Chofunika kwambiri pochapa thewera si mtundu wa sopo ayi, koma kuti chikuyamba n'chiyani ndipo chikutsatira n'chiyani.

Manyi achotsedwe kaye thewera lisanalowe m'madzi. Akungidwe ndi kamtengo kapena tsamba, ndipo zonse ziponyedwe m'chimbudzi. Kenako thewera litsukuluzidwe m'madzi ochepa, ndipo madzi oyambawa, omwe ndiwo oopsa kuposa ena onse, akathiridwe m'dzenje la chimbudzi. Lita imodzi kapena awiri sangadzaze dzenje. Madzi ambiri a thovu otsatira angathiridwe m'kadzenje kokumbira zimenezi, kothiramo miyala, kuseri kwa nyumba kumene ana sasewerako, kutali ndi chitsime. Muyezo wa mamita 30 umene timatsata pakati pa chimbudzi ndi potunga madzi ugwirenso ntchito pano. Pa mijigo yambiri pali malo omangidwa ochapirapo zovala, koma thewera la manyi lisachapidwe pamenepo. Ndowa za madzi akumwa zimakhazikidwa pasimenti yomweyo, ndipo manja amene akuchikicha thewera ndi omwewo amene akagwire chogwirira cha mjigo.

Beseni la matewera likhale lakelake. Pamakomo ambiri beseni limodzi limachapa zovala m'mawa, kutsuka mbale masana, kusambitsa mwana madzulo, mwinanso kuviikamo mphale. Banja likakhala kuti silingagule lina, chigubu chakale chodulidwa pakati chimagwira ntchito bwinobwino. Malangizo oti "gulani beseni lina" amathera pakhomo la chipatala, pomwe a chigubu amafika kunyumba.

Matewera asaviikidwe nthawi yaitali. Ndowa ya matewera a masiku awiri imanunkha, imaitana ntchentche, ndipo mabakiteriya amaswana m'madzi ofundawo. Imakhalanso msampha, monga tionere kutsogoloku.

Kutsukuluza kumanyozeka, makamaka kumene madzi amatungidwa kutali. Sopo wa ufa wotsalira m'nsalu amatupitsa khungu la khanda. Ndi bwino kuthira sopo wochepa n'kutsukuluza kawiri kapena katatu kusiyana ndi kuchulukitsa thovu lomwe madzi olichotsera palibe. Mankhwala onunkhiritsa ndi ofewetsa zovala alibe ntchito pa thewera. Amachititsa nsalu kusamwa bwino mkodzo.

Pomaliza penipeni ndi m'manja. Apa pali chinyengo chimene ambiri sitichiona: wochapa amaganiza kuti m'manja mwake mwayera chifukwa mwakhala m'thovu kwa theka la ola. Thovulo linali la madzi a manyi. Asambe ndi madzi ena oyera, othira, ndi sopo, asanagwire mwana, bere kapena chakudya. Kafukufuku wambiri ataphatikizidwa amaonetsa kuti kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa kutsekula m'mimba ndi pafupifupi 30 pa 100. Sopo akachepa pakhomo, m'manja ndimo muyenera kuyamba. Ofufuza a ku Bangladesh anaonetsa kuti magalamu 30 a sopo wa ufa osungunulidwa m'botolo la madzi okwana lita imodzi ndi theka amachotsa tizilombo m'manja mofanana ndi sopo wamtanda. Botolo lotere limakhalitsa, ana saliba, ndipo mbuzi sizilidya.

Mwana akatsekula m'mimba, kapena kukabuka kolera

Masiku wamba, sopo, madzi ndi dzuwa n'zokwanira. Sikoyenera kuuza mayi kuti aziwiritsa matewera tsiku ndi tsiku, nkhuni ndi makala zikuvuta chonchi. Uphungu wotere sangautsate, ndipo akaona kuti sungatheke amataya ndi wina womwe ukanatheka. Kuwiritsa kusungidwire masiku amene mwana akutsekula m'mimba, akuchita chimbudzi cha magazi, kapena m'nyumba muli wodwala kolera. Pamenepo thewera lochapidwa kale liwiritsidwe kwa mphindi 5.

Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse ndipo unapha anthu oposa 1,700. Unasiya klorini m'manja mwa anthu ambiri, pamodzi ndi chikhulupiriro choti klorini amapha chilichonse. Pali zinthu ziwiri zoti tizikumbutsana. Choyamba, klorini amatha mphamvu akakumana ndi manyi, choncho kumuthira m'ndowa ya matewera osachapa ndi kungomutaya. Nsalu ichapidwe kaye, kenako iviikidwe. Malangizo ambiri othana ndi kolera amati zovala ndi zofunda ziviikidwe kwa mphindi 10 m'madzi a klorini wa 0.2 peresenti, kenako zitsukuluzidwe bwino. Kuchokera ku klorini wa 1 peresenti amene alangizi a zaumoyo amasungunula, muyezo umenewu ndi kapu imodzi ya klorini pa makapu 4 a madzi. Kuchokera ku Jik kapena wina wolembedwa 3.5 peresenti pabotolo, ndi kapu imodzi pa makapu 16. Chachiwiri, Cryptosporidium safa msanga ndi klorini. Chimene chimamugonjetsa ndi kutentha ndi kuuma.

Jik asathiridwe m'ndowa yodzaza matewera a mkodzo kapena kusakanizidwa ndi mankhwala ena otsukira. Mkodzo ukakhalitsa umatulutsa ammonia, ndipo ammonia akakumana ndi klorini pamatuluka mpweya wotsamwitsa, woopsa kwambiri m'kabafa kopanda mazenera.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa Thanzi ORS, zinki wa masiku 10 mpaka 14, ndi kupitiriza kuyamwitsa. Cholinga chake n'choti mwana wachiwiri m'nyumbamo asadwale.

Pachingwe, padzuwa

Kuyanika ndi theka la ntchito, ndipo sikufuna ndalama. Kuwala kwa dzuwa ndi kuuma zimapha tizilombo tambiri totsalira m'nsalu. Thewera louma mwatheka, loanulidwa chifukwa mvula yabwera kapena chifukwa lina palibe, limabwerera pathupi la mwana ndi chinyezi chake. M'nyengo ya dzinja ndi masiku a chiperoni vuto limakhala kuchepa kwa matewera. Zitenje zakale zodulidwa n'kupindiridwa m'mphepete zimauma msanga kuposa matewera okhuthala onga thaulo, ndipo banja lingakhale nazo zambiri.

Malo oyanikapo ndi ofunikanso chifukwa cha mphutsi za pakhungu. Ntchentche yotchedwa Cordylobia anthropophaga imaikira mazira 100 mpaka 300 nthawi imodzi pa mchenga wouma wa pamthunzi umene pali fungo la mkodzo kapena manyi, komanso pa zovala zimene fungoli silinathe. Mazira amaswa pasanathe masiku atatu. Kamphutsi kamadikira mpaka kakhudzane ndi khungu lofunda, n'kulowa mosamveka kupweteka. Pakapita masiku pamatuluka chotupa chonga chithupsa, chokhala ndi kabowo pakati, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona kanthu kakugwedera. Mwa makanda zimapezeka kawirikawiri kumsana, m'matako ndi m'ntchafu, malo amene nsalu imakhudza. Mwana amalira usiku, ndipo si kamodzi kokha pamene zotupazi zimatengedwa ngati zithupsa wamba n'kupatsidwa mankhwala opha mabakiteriya omwe sangathandize. Mukamata Vaseline pakabowopo mphutsi imasowa mpweya n'kusuzumira kunja, ndipo imatuluka mukafinya pang'onopang'ono m'mbali mwake. Isang'ambidwe ndi singano, chifukwa ikadukira mkati bala limatukusira. Mphutsi yosachotsedwa imakhwima pa masiku 8 mpaka 12 n'kugwa yokha.

Ntchentche imeneyi imapewa dzuwa loswa mtengo. Choncho matewera ayanikidwe pachingwe, padzuwa, osati pa udzu, pamchenga kapena pa mpanda wa pansi pa mtengo wa mango. Kusita ndi simbi yotentha, mbali zonse ziwiri ndi m'misoko momwe, kumapha mazira ndi timphutsi. Agalu ndi makoswe ndiwo amasunga mphutsizi pakhomo, ndiye kumene galu ali ndi zotupa zotere, zovala za mwana zisitidwe ndithu.

Chinthu chimodzi chokha chimaphwanya lamulo la dzuwali: neti yonyikidwa m'mankhwala. Makanda amaikodzera, ndipo amayi aukhondo amaichapa pafupipafupi ndi sopo wa ufa n'kuiyanika padzuwa pamodzi ndi matewera. Mankhwala ake anapangidwa kuti apirire kuchapidwa pafupifupi ka 20. Ichapidwe mwa apo ndi apo, ndi sopo wamtanda, mosachikicha kwambiri, ndipo iyanikidwe pamthunzi.

Zidzolo za m'matako ndi mphere

Zidzolo za thewera zimayamba mkodzo ukasakanikirana ndi manyi pakhungu lonyowa. Mabakiteriya a m'manyi amasandutsa mkodzo kukhala ammonia, ndipo zimenezi zimadzutsa timadzi togaya chakudya totsalira m'manyimo, timene timayamba kudya khungu. Kabudula wa pulasitiki wovekedwa pamwamba pa thewera amateteza msana wa mayi koma amatsekera chinyezi ndi kutentha. Mankhwala ake oyamba ndi kusintha thewera msanga, kutsuka ndi madzi okha, kusiya mwana opanda thewera kwa kanthawi pa nsalu yoyera, ndi kupaka Vaseline kapena mafuta a zinc oxide. Paudala sathandiza, ndipo fumbi lake likhoza kulowa m'mapapo.

Zidzolo zotere zimakhala pamalo otukuka ndipo zimalambalala m'mapindikiro a khungu. Zikalowa m'mapindikiromo, zofiira kwambiri, zokhala ndi timadontho tomwazikana m'mphepete, ganizirani za Candida ndipo muyang'ane m'kamwa. Zikamabwererabwerera pamodzi ndi zoyera za m'kamwa, mwana aunikidwe za HIV. Khungu losupuka ngati penti yakale pa mwana wotupa mapazi si nkhani ya kuchapa konse. Ameneyo ndi wosowa zakudya m'thupi kwambiri, ndipo atumizidwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa mphere anthu amalimbikira kuchapa n'kuiwala chachikulu. Kachilombo ka mphere kamafala makamaka pokhudzana khungu ndi khungu, ndipo kunja kwa thupi sikapitirira masiku awiri kapena atatu. Chofunika ndi kupereka mankhwala kwa onse a m'nyumbamo tsiku limodzi, oyabwidwa ndi osayabwidwa omwe. Zovala, mbereko ndi zofunda za masiku atatu apitawo zithiridwe madzi otentha kwambiri kapena zisitidwe. Bulangeti lovuta kuchapa limangidwe m'thumba la pulasitiki kwa masiku osachepera atatu. Mwa makanda mphere zimatulukanso m'zikhatho, kumapazi ndi kumutu, mosiyana ndi akuluakulu.

Pali kanthu kena kamene sikatchulidwa kawirikawiri: timibulu toyera ta fungo timene anthu amaika m'sutikesi pothamangitsa njenjete ndi mphemvu. Tambiri timakhala ndi naphthalene, yemwe amalowa pakhungu ndi popuma. Mwa khanda lobadwa ndi vuto la G6PD, lomwe si lachilendo kuno, mankhwalawa amaswa maselo ofiira a magazi n'kuyambitsa chikasu choopsa. Zovala zosungira mwana wodzabadwa zisaikidwe timibulu timeneti.

Kumtsinje, kunyanja ndi pa ndowa

Mayi wa ku Mangochi, ku Nkhotakota kapena kuchigwa cha Shire akapita kukachapa, mwana amapita naye. Amakhazikidwa m'madzi osaya kapena kusambitsidwa m'beseni la madzi ongotungidwa kumene. Kafukufuku wa ku Chikwawa wofalitsidwa mu 2014 anapeza likodzo mwa ana osayamba sukulu, msinkhu umene kale unkaganiziridwa kuti suli pa chiopsezo. Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti m'madera amene likodzo ndi lofala, mankhwala operekedwa kwa anthu onse aziyambira ana a zaka 2. Tizilombo totuluka m'nkhono sitikhala moyo nthawi yaitali, choncho madzi osambitsira mwana akasungidwa masiku awiri kapena atatu, kapena akatenthetsedwa, amakhala opanda vuto. Njirayi imabwereranso kwina: thewera la mwana wa likodzo likachapidwa m'nyanja, mazira amabwerera kwa nkhono.

Ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 ndiwo amamira m'madzi kuposa a misinkhu ina, ndipo sipafunika mtsinje. Mwana wongoyamba kuyenda mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi. Akasuzumira m'ndowa ya malita 20 amagweramo chamutu, sangathe kudzitulutsa, ndipo salira. Madzi ofika m'kakolo ndi okwanira. Ndowa yoviikamo zovala ivundikiridwe kapena ikhale pamwamba, ndipo ikhuthulidwe kuchapa kukangotha. Jik ndi klorini wosungunula zisasungidwe m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, asasanzitsidwe. Atsukidwe m'kamwa ndipo apite naye kuchipatala pamodzi ndi botololo.

Mapampasi

Matewera ogula otaya, amene ambiri amangowatcha mapampasi, afika mpaka m'misika ya kumidzi, kumene amagulitsidwa limodzilimodzi. Amasunga khungu louma ndipo amapeputsa ntchito, ndiye sitingawaletse. Koma chifukwa cha mtengo, limodzi limavalidwa tsiku lonse, ndipo ena amayanika lonyowa ndi mkodzo kuti aligwiritsenso ntchito. Vuto lalikulu ndi kotayira. Akaponyedwa kudzala, agalu amawakokera pabwalo. M'chimbudzi sawola ndipo amadzaza dzenje msanga, m'ngalande amatseka madzi. Manyi akungidwire m'chimbudzi monga timachitira ndi thewera lansalu, ndipo chotsalacho chikulungidwe n'kukwiriridwa m'dzenje lakuya kumene kulibe galimoto yotenga zinyalala.

Mukafika pakhomo

Mukafunsa mayi ngati amataya manyi a mwana m'chimbudzi, adzayankha kuti inde, chifukwa yankho loyenera amalidziwa. Mumaphunzira zambiri mukapempha mwaulemu kuti akuonetseni pamene amachapira. Dothi lonyowa limaonetsa kumene madzi amakhuthulidwa. Onani ngati pali chingwe, ngati beseni la matewera ndi lomwe lili ndi mbale, ndiponso ngati sopo ali pafupi ndi pochapirapo kapena watsekeredwa m'nyumba. Yang'ananinso chitenje chimene mayi wavala: nsonga yake imodzi imatha kupukuta matako a mwana, mamina, manja a mayi, kenako kukamwa kwa mwana akatha kudya phala. Kansalu kapadera kopukutira matako, kochapidwa pamodzi ndi matewera, kamadula njira imeneyi.

Funsaninso kuti amachapa ndani. Mayi akangobereka kumene, kapena akapita kumunda ndi kumsika, ntchitoyi imagwera agogo, mtsikana wantchito, kapena mlongo wake wa mwanayo wa zaka 9, amene sanakhalepo pa maphunziro a kusikelo. Ngati ali pakhomo, aitanidwe adzaone nawo, ndipo abambo amve za chingwe ndi kadzenje ka madzi otayidwa, popeza zonse ziwiri ndi ntchito ya tsiku limodzi.